Kabokosi ka Nthabwala pa Kompyuta: Kalembeni Nokha mu Notepad

Munthu akafuna kuseleula mnzake pa kompyuta, amathamangira pa intaneti kukasaka pulogalamu yopangiratu, ija yotulutsa timabokosi ta mauthenga oseketsa pa sikirini. Musayambire kumeneko. Zonse zimene pulogalamu yoteroyo imachita mungazilembe nokha mu Notepad ndi mizere yosapitirira isanu ndi umodzi, ndipo mukalemba nokha mumadziwa chimene chili mkati, mumadziwanso pozimitsira.

Fayilo ya .exe yotenga pa intaneti simungaione mkati. Mu 2016 munatuluka pulogalamu yotchedwa MEMZ, imene anthu ankaionera pa YouTube ngati choseketsa: imayamba ndi timabokosi, phokoso ndi kamuvi ka mausi koyenda kokha, koma imalemba pamwamba pa kagawo ka hard drive koyambitsira Windows, kompyuta n'kulephera kuyaka bwino. Tsono taganizani za laputopu ya m'chipinda cha lendi ku Rosettenville kapena ku Mayfair, ku Joni. Nthawi zambiri ndi imodzi ya nyumba yonse, ndipo muli ma CV a anthu anayi, makope a pasipoti, ndi zithunzi za ana amene anatsala kumudzi. Zimenezi sizoyesera mwayi. Ngati mwatenga kale pulogalamu yotere, ikwezeni pa VirusTotal, tsamba loyeza mavairasi, musanaitsegule, ndipo Microsoft Defender, pulogalamu yoteteza Windows ku mavairasi, ikaikana, musazimitse Defender kuti idutse. Ifufuteni.

Kabokosi koyamba

Chofunika ndi kompyuta ya Windows 10 kapena Windows 11, basi. Deta siifunika. Dinani batani la Windows, lembani notepad, dinani Enter. Kenako lembani mzere uwu momwe ulilimu, wonse pa mzere umodzi:

MsgBox "Achimwene, nsima yapsa. Tsekani kompyuta mukasambe m'manja.", 64, "Uthenga wochokera kukhitchini"

Mzerewu uli ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi uthenga weniweniwo, mkati mwa mitengero, tizizindikiro tija togwira mawu. Chachiwiri ndi nambala yosankha mabatani ndi chithunzi cha pa kabokosi. Chachitatu ndi mutu umene umaoneka pamwamba. Pakati pa zigawozi pali mpatuliro, ndipo mukausiya kabokosi sikatuluka.

Posunga ndiye pamene ambiri amagwa. Dinani File, kenako Save As. Pa Save as type sankhani All files. Dzina likhale nsima.vbs, kapena lililonse lothera ndi .vbs, mchira wa VBScript, chilankhulo cha kompyuta chimene tikulembachi. Pansi pali polembedwa Encoding: sankhani UTF-16 LE, imene pa Notepad yakale imalembedwa kuti Unicode. Chifukwa chake ndi chathu chomwe cha Chichewa. Notepad ya masiku ano imasunga mu UTF-8, ndipo zilembo wamba zimatuluka bwino, koma ŵ wa m'mawu oti Malaŵi amatuluka ngati zizindikiro ziwiri zosamveka. Mukasankha ANSI, ŵ amasowa chifukwa m'gulu la zilembo limenelo mulibe. Mukasankha UTF-8 with BOM, fayilo imakana pa mzere woyamba pomwe. UTF-16 LE imathetsa zonsezi.

Mukasunga, dinani fayiloyo kawiri. Kabokosi kakatuluka, mwakhoza. Ikatseguka Notepad m'malo mwa kabokosi, ndiye kuti dzina lenileni ndi nsima.vbs.txt, koma Windows yabisa mchira wa .txt. Tsegulani File Explorer, pitani pa View, chongani File name extensions. Pa Windows 11 zili pansi pa Show. Mchirawo ukaonekera, uchotseni.

Manambala aja

Nambala ya pakati ndi manambala awiri ophatikizidwa. Ya mabatani ili motere: 0 ndi OK yekha, 1 ndi OK ndi Cancel, 2 ndi Abort, Retry ndi Ignore, 3 ndi Yes, No ndi Cancel, 4 ndi Yes ndi No, 5 ndi Retry ndi Cancel. Ya chithunzi: 16 ndi X wofiira wa vuto lalikulu, 32 ndi mfunsiro, 48 ndi chenjezo lachikasu, 64 ndi chidziwitso chabuluu. Mukafuna funso la Yes ndi No lokhala ndi mfunsiro, 4 kuphatikiza 32 ndi 36. Mukawonjezera 4096, kabokosi kamakhala pamwamba pa zonse zimene zatsegulidwa, moti sikabisala kuseri kwa Chrome.

Mawu a pa mabatani simungawasinthe kukhala Inde ndi Ayi. Amatsatira chilankhulo cha Windows ya pa kompyutayo. Funso likhale la Chichewa, mabatani akhala achizungu, ndipo palibe amene amasokonezeka nazo.

Pa manambala onsewa, 16 ndiye wosamala naye. X wofiira uja ndi kulira kwake n'zofanana ndendende ndi za vuto lenileni, ndipo munthu wosazolowera kompyuta akaona zimenezo sawerenga n'komwe. Amakanikiza batani lozimitsira, kapena kuzula chingwe pakhoma. Ngati ankalemba kalata yofunsira ntchito osaisunga, yapita. Gwiritsani 32 kapena 64. Kuseketsa kuli m'mawu amene mwalemba, osati m'mantha.

Kabokosi koyankhana ndi munthu

Kabokosi kamodzi kamaseketsa pang'ono. Kokoma ndi kamene kamamva yankho n'kubwezanso. Batani lililonse likadinidwa limabweza nambala: OK ndi 1, Cancel ndi 2, Yes ndi 6, No ndi 7. Onani izi:

For ulendo = 1 To 3
yankho = MsgBox("Alamu, kodi mbale za dzulo mwatsuka?", 36, "Funso lofunika")
If yankho = 6 Then Exit For
MsgBox "Chabwino, ndifunsanso.", 48, "Funso lofunika"
Next
MsgBox "Musadandaule alamu, kompyuta ili bwinobwino. Ndi mlamu wanu amakuseleulani.", 64, "Zatha"

Alamu akadina Yes, funso limatha pompo. Akadina No, limabwereranso, koma maulendo atatu okha, chifukwa cha 1 To 3 pa mzere woyamba. Kaya ayankhe bwanji, amafika pa kabokosi komaliza kamene kamawauza kuti ndi masewera ndipo wachita ndi ndani. Kabokosi komalizako musakasiye. Popanda iko, munthu amatsala akuganiza kuti mwalowa vairasi, mawa lake n'kunyamula laputopu kupita nayo kwa okonza m'tauni, kulipira taxi ndi ndalama yoyezetsa pa chinthu chosawonongeka.

Onaninso kusiyana kwa mzere wachiwiri ndi wachinayi. Pamene tikusunga yankho, zonse zili m'mabulaketi. Pamene sitikusunga, mabulaketi palibe. Mukaika mabulaketi pa mzere wosasunga yankho, mudzaona uthenga woti Cannot use parentheses when calling a Sub.

M'mavidiyo ambiri mudzaona akuphunzitsa kuika kabokosi pakati pa mawu oti Do ndi Loop, popanda potulukira. Kameneko sikatha: mukadina, kabweranso, mpaka kalekale. Choipa china n'chakuti pa kabokosi ka Yes ndi No, ka X ka pakona sikagwira ntchito, ngakhale batani la Esc, chifukwa palibe Cancel. Munthu amasowa pothawira. Ena amafika polemba fayilo yodzitsegula yokha mobwerezabwereza, ndipo laputopu ya RAM ya 4 GB imadzaza n'kuuma, mausi osasuntha, mpaka kuizimitsa mokakamiza. Zimenezo si nthabwala ayi, ndi kuwononga. Maulendo atatu akwana. Asanu achuluka.

Mukafuna kuti uthenga udumphe mzere, tsekani mitengero, lembani & vbCrLf & kenako tsegulaninso mitengero. Uthenga wa mu MsgBox sungapitirire zilembo pafupifupi 1024, koma woseketsa amakhala wa mawu khumi kapena khumi ndi asanu.

Kuchedwetsa, kudzitseka ndi mawu

Kabokosi kakatuluka inu muli pa kiyibodi, aliyense adziwa kuti ndinu. Ikani mzere uwu pamwamba penipeni:

WScript.Sleep 300000

Nambalayo ndi mamilisekondi: 1000 ndi sekondi imodzi, 60000 ndi mphindi imodzi, 300000 ndi mphindi zisanu. Mukadina fayilo, palibe chooneka. Mumadzuka, mnzanu akhala pampando, mphindi zisanu zikatha kabokosi katuluka. Poti palibe chooneka, ambiri amaganiza kuti sinagwire n'kudinanso kawiri katatu, kenako timabokosi titatu n'kutuluka nthawi imodzi. Itseguleni ulendo umodzi wokha. Poyesa, ikani 3000 kuti musadikire, mukakhutira mubwezeretse nambala yaikulu.

Palinso kabokosi kodzitseka kokha, kabwino kwa achikulire amene sakonda kudinadina:

Set w = CreateObject("WScript.Shell")
w.Popup "Amalume, tiyi wazizira.", 5, "Chikumbutso", 64

Apa 5 ndi masekondi, osati mamilisekondi. Akatha, kabokosi kamachoka kokha.

Kompyuta ingathenso kuyankhula. Mzere wake ndi CreateObject("SAPI.SpVoice").Speak "Muli bwanji achimwene" ndipo liwu lake ndi la mzungu wolimbana ndi Chichewa, zimene pazokha zimagwetsa anthu ndi phwete. Yesani kaye voliyumu. M'nyumba zathu zambiri muli wina amene wagwira usiku wonse pa geti ndipo masana ndi nthawi yake yogona.

Kuti mnzanu adine yekha

Njira ina ndi kupanga shortcut, kachithunzi ka pa desktop kotsegula fayilo imene ili kwina. Dinani fayilo ya .vbs ndi batani lakumanja la mausi, sankhani Send to, kenako Desktop. Pa Windows 11 yambani ndi Show more options. Pa shortcut yatsopanoyo dinaninso kumanja, Properties, Change Icon, sankhani chithunzi cha foda. Ipatseni dzina lokopa, monga Zithunzi za ukwati kapena Magoli a Flames. Fayilo yeniyeni ikhale mu Documents, ndipo mukaisuntha pambuyo pake shortcut ikhoza kuisowa. Musafufute kapena kusintha shortcut yeniyeni ya mwiniwake kuti muikepo yanu. Onjezerani yanu pambali.

Pa tsiku lobadwa la munthu, kapena pa 1 Epulo, tsiku la zitsiru, mungagwiritse Task Scheduler, pulogalamu ya mu Windows yotsegula fayilo pa nthawi imene mwaika. Sankhani Create Basic Task, perekani dzina loti mudzalikumbuke, sankhani One time, ikani tsiku ndi ola, kenako Start a program n'kuloza fayilo yanu. Pali zinthu ziwiri zimene zimalepheretsa. Mu Properties, pa Conditions, pali bokosi lochongedwa kale loti Start the task only if the computer is on AC power. Magetsi akazima, kaya ndi load shedding kaya ndi vuto la m'dera lanu, laputopu imakhala pa batire ndipo uthenga sutuluka. Chotsani chongacho. Chachiwiri, pa General siyani pa Run only when user is logged on. Mukasankha chinacho, fayilo imayenda mobisika ndipo kabokosi sikaoneka pa sikirini.

Foda ya Startup, imene imatseguka mukadina batani la Windows ndi R n'kulemba shell:startup, isiyeni. Choikidwa mmenemo chimatuluka nthawi iliyonse kompyuta ikayaka. Inu mukasamukira ku Diepsloot kapena kukwera basi ya kumudzi pa Park Station, mnzanu atsala nacho miyezi osadziwa pochotsera.

Ndani woseleula, ndipo mulembe chiyani

Mwambo wathu unaika kale malire. Msuweni, mlamu ndi mnzako wa msinkhu umodzi mumaseleulana. Apongozi ayi. Achikulire amene anakulandirani mutangofika ku Joni, muziyamba mwaona kaye ngati amakonda zoseka, ndipo uthenga ukhale waulemu ngati wa tiyi uja.

Nkhani zabwino ndi za m'nyumba momwemo: ndiwo zimene zatha, wodya nsima yambiri, timu imene yagonja Loweruka, amene amachedwa kubafa m'mawa. Munthu awerenge, amwetulire, aloze chala kuti ndi uyu wachita.

Pali nkhani zinayi zimene musalembe ngakhale pang'ono. Yoyamba ndi mapepala. Uthenga wonamizira Home Affairs, apolisi kapena Lindela, kumene amasungira alendo oyembekeza kubwezedwa kwawo, woti pemiti yathetsedwa kapena akubwera kudzagwira, umagunda pa bala lenileni. Simudziwa kuti mnzanu wagona masiku angati akulingalira zimenezo, ndipo wina akhoza kuthawa pa nyumba kapena kujomba ku ntchito chifukwa cha kabokosi kanu. Yachiwiri ndi maliro kapena matenda a kumudzi. Aliyense amene ali kutali ndi kwawo amakhala ndi mantha a foni ya usiku. Yachitatu ndi ndalama: zoti akaunti ya kubanki yatsekedwa, kapena ndalama imene anatumiza pa Mukuru yasowa. Yachinayi ndi zibwenzi. Laputopu ya banja amatsegula ndi mkazi, mwamuna ndi ana, ndipo uthenga wa chikondi wabodza ukhoza kupasula banja inu mukuti mumaseka.

VBScript ili ndi kabokosi kena kotchedwa InputBox kolola munthu kulemba yankho. Mungafunse kuti ndiwo za lero zikhale chiyani. Musafunse pasiwedi, PIN kapena nambala ya pasipoti, ngakhale mulibe cholinga choipa. Mukatero mwapanga chida chofanana ndi cha akuba, ndipo mwaphunzitsa m'bale wanu kulemba zinsinsi zake pa kabokosi kalikonse kotuluka.

Kompyuta ikhale yanu, kapena ya m'nyumba imene mumaloledwa kale kuigwiritsa ntchito. Ya ku ntchito ayi, kaya ndi ya pa thilu m'shopu ku Fordsburg kaya ya mu ofesi ku Sandton. Ya pa internet cafe ayi. South Africa ili ndi lamulo la Cybercrimes Act 19 of 2020, limene zigawo zake zambiri zinayamba kugwira ntchito pa 1 Disembala 2021, ndipo kulowa mwadala mu kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu pa lamuloli. Ngakhale nkhani isafike kupolisi, bwana akaona timabokosi pa thilu makasitomala ali pa mzere, ntchito ikhoza kuthera pomwepo. Foni ya mnzanu kapena laputopu yokhala ndi pasiwedi imene sanakupatseni, musaigwire.

Musatumizenso fayiloyi kwa anthu. Gmail ndi Outlook zimakana mafayilo a .vbs, ndipo pali chifukwa. Mu Meyi 2000, vairasi ya ILOVEYOU, yochokera ku Philippines, inafalikira dziko lonse kudzera pa imelo, ndipo inali fayilo ya .vbs yonamizira kalata ya chikondi. Wina akafuna kuphunzira, muonetseni mizereyo alembe yekha.

Ikakana kugwira

Uthenga woti Invalid character, wa nambala 800A0408, kawirikawiri umabwera chifukwa cha mitengero yopindika. Word ndi mafoni ena amasintha mitengero yowongoka kukhala yopindika, ndipo VBScript imadziwa yowongoka yokha. N'chifukwa chake Word siyoyenera pa ntchitoyi. Ngati mwakopera mzere kuchokera kwina, fufutani mitengero yonse muilembenso ndi kiyibodi. Vuto likaloza mzere 1, chilembo 1, bwererani ku Encoding.

Unterminated string constant, 800A0409, ikutanthauza kuti mwatsegula mitengero osaitseka, kapena mwadina Enter pakati pa uthenga. Expected end of statement, 800A0401, nthawi zambiri ndi mpatuliro wosowa, kapena mitengero imene mwaika mkati mwa uthenga. Mukafuna kuti ioneke mu uthenga, ilembeni iwiriiwiri. Kabokosi ka vuto kamatchula nambala ya mzere, choncho yang'anani pomwepo.

Mukaona Windows Script Host access is disabled on this machine, ndiye kuti mwini kompyuta kapena a IT anatseka dala. Musalimbane nazo. Laputopu za Windows ya S mode nazonso sizilola mafayilo otere.

Mu Okutobala 2023 Microsoft inalengeza kuti ikusiya VBScript pang'onopang'ono. Pa Windows 11 ya 24H2 ilipobe ndipo imabwera yoyaka, koma tsopano ili m'gulu la Optional features mu Settings, moti ikhoza kuchotsedwa. Ikakhala kuti palibe, PowerShell, pulogalamu ina imene imabwera ndi Windows, imagwira ntchito yomweyo. Dinani kumanja pa desktop, New, Shortcut, n'kulemba izi pa mzere umodzi:

powershell.exe -WindowStyle Hidden -Command "Add-Type -AssemblyName System.Windows.Forms; [System.Windows.Forms.MessageBox]::Show('Nsima yapsa', 'Kukhitchini')"

Kawindo kakuda kapena kabuluu kamaphethira kaye, kenako kabokosi katuluka. Apa pali msampha wa ife olemba Chichewa. Uthenga uli pakati pa tizizindikiro timodzitimodzi, tofanana ndi ka m'mawu oti m'manja kapena ng'ombe, ndiye PowerShell ikafika pamenepo imayesa kuti uthenga watha. Lembani kawiri: m''manja, ng''ombe. Mu fayilo ya .vbs vutoli palibe, bola mawuwo ali mkati mwa mitengero.

Kuzimitsa ndi kuchotsa

Phunzirani kuzimitsa musanaseleule aliyense. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke. Pitani pa Details, pezani wscript.exe, pulogalamu imene imayendetsa mafayilo a .vbs, dinani End task. Njira yachidule: dinani batani la Windows ndi R, lembani taskkill /f /im wscript.exe n'kudina Enter. Imeneyi imapha zonse nthawi imodzi, kuphatikizapo zimene zikudikira pa Sleep zisanatuluke. Ngati mwadina fayilo kenako mnzanu n'kunena kuti akufuna kulemba mayeso a pa intaneti kapena kutumiza ndalama kumudzi, iphani nthawi yomweyo, mudzachita tsiku lina.

Mukhale pafupi pamene kabokosi kakutuluka. Nkhope ikasintha, ululani msanga, musadikire ulendo wachitatu. Mukamaliza kuseka, fufutani shortcut pa desktop, fufutani fayilo ya .vbs mu Documents, tsegulani Task Scheduler Library mufufute ntchito imene munaika, ndipo khuthulani zimenezo mu Recycle Bin mwiniwake akuona. Kenako tsegulaninso Task Manager muonetsetse kuti wscript.exe palibe pa mndandanda.